Makhadi a Mlongo Wanga Anathyoka Msana

Mlongo wanga sanafe, ndiye musayembekezere mawu okoma onga aja timanena pamaliro. Ali moyo. Tsiku lililonse amakhala pa kampando ka pulasitiki m'kanjira kopanikizika pakati pa sitolo ya nsapato ndi malo ometera tsitsi, kugulitsira mwana wake makava a mafoni. Odutsa amamuitana kuti mayi a makava. Kwa zaka makumi awiri anthu a m'misewu yomweyo ankamutchula Mayi Makhadi, ndipo ndikulemba izi chifukwa palibe wina amene angazilembe.

Tinabadwa awiri. Bambo athu atalephera kutilipirira tonse sukulu anasankha ine, ndipo sindinganame kuti ndinakana. Ndinaphunzira mpaka ndinalowa ntchito ku kampani yosindikiza mabuku, poyamba ngati wosaka zolakwika m'zolembedwa, kenako kapitawo wa chipinda chodulira mapepala. Iye anakwatiwa ndi mmisiri woyala pansi m'nyumba za anthu, munthu wofatsa, wa mawondo okakala. Mlamu wangayo ankayala layino, chiyalo cholimba chija chonga chikopa chimene chinkapezeka m'makhonde a maofesi. Atamwalira anasiyira mkazi wake mwana mmodzi wamwamuna ndi mulu wa zidutswa za layino kuseri kwa chitseko. Abale a mwamunayo anabwera, natenga njinga, wailesi ndi bedi. Zidutswazo anazisiya poyesa zinyalala.

Ntchito ya makhadi inayamba chifukwa cha akuba. Makope a mwanayo ankasowa kusukulu, ndiye mlongo wanga anatenga kachidutswa ka layino, nagoba kansomba ndi lezala, nakapaka polishi wa nsapato, nadinda pa kope lililonse. Mphunzitsi anafunsa kumene anagula chidindo chokongola chotero. Nditaona kansombako ndinachita manyazi, chifukwa ine wa satifiketi sindinkatha kujambula ngakhale dzira. Sabata yotsatira ndinamubweretsera kachitini ka inki yotsala kuntchito, chogudubuza cha labala chimene tinkafuna kutaya, ndi mtolo wa timapepala tolimba totsala tikadula zikuto za mabuku.

Chipinda chake ndikuchionabe. Tebulo linali pawindo. Pa tebulopo panali galasi lochokera pa chitseko cha kabati, pamene ankafalitsira inki mpaka ilire ngati mafuta pamoto, ndiye kuti yakwana. Timipeni togobera anapanga yekha ndi nthiti za ambulera zonola pamwala, zozika m'timitengo. Layino akazizira amauma, ndiye ankamukhalira kaye pa mpando kuti afewe, uku akumwa tiyi. Makina osindikizira analibe. Ankaika khadi pa layino wopakidwa inki n'kulisisita ndi msana wa supuni, khadi limodzilimodzi, mpaka supuniyo inaphwatalala mbali imodzi. Kudenga kunali zingwe zisanu, ndipo makhadi ankalendewera pamenepo ndi zopanira zovala. Munthu wamtali ngati ine ankalowa chowerama, apo ayi ankatuluka ndi chipumi chofiira.

Pali chinthu chimodzi cha kagwiridwe kake chimene muyenera kuchimvetsa. Layino weniweni anali atasowa, chifukwa anthu anayamba matailosi. Amisiri olemera amagoba chidutswa chimodzi pa mtundu uliwonse wa inki. Mlongo wanga sakanakwanitsa zimenezo, ndiye mitundu yonse itatu ankaitulutsa pa chidutswa chimodzi. Ankagoba pang'ono n'kudinda chikasu pa makhadi onse. Akauma, ankagobanso chidutswa chomwecho, kuchotsa ponse pamene pakhale pachikasu, n'kudinda zofiira. Kenako ankagobanso mpaka kutsale timizere tokha, n'kudinda zakuda. Njira imeneyi ilibe kubwerera m'mbuyo. Ukangogoba kachiwiri, chithunzi choyamba chapita, chasanduka tizinyenyeswa pansi pa tebulo. Makhadi amene unadinda tsiku loyamba ndi omwewo basi, ndipo akaonongeka palibe powatenganso.

N'chifukwa chake anali ndi lamulo. Mtolo uliwonse wa makhadi osalemba ukafika, asanatsegule inki, ankatenga limodzi n'kulipinda pakati. Lamulolo ndinamuphunzitsa ndine. Pepala lili ndi msempha wake ngati nkhuni. Ukalipinda motsata msempha limamvera. Ukalipinda mopingasa, makamaka likakhala lokhuthala ndi louma, limang'aluka pamsana. Ndipo popeza makhadi ankawadinda ali otambasuka, kupinda kunkabwera pamapeto penipeni, ntchito yonse itatha.

Kwa zaka zambiri mapepala sanali vuto. Lachisanu lililonse ndinkatuluka pageti ndi mtolo wa zotsala, zodulidwa bwino ndi manja anga, motsata msempha. Makhadi ake ankagulitsidwa mu sitolo ya mabuku ya mkulu wina wa magalasi okhuthala, amene anamupatsa choikapo makhadi cha waya chozungulira, pafupi ndi khomo. Panali makhadi a ukwati, a chipepeso, a wodwala, ena opanda mawu. Choikapo chimenecho ndicho chinalipira lendi, ndicho chinaphunzitsa mwana uja mpaka anamaliza sukulu. Ndikunena zimenezi kuti mwanayo akawerenga adziwe kuti nsapato iliyonse imene anavala inatuluka m'supuni.

Kenako kampani yathu inagulidwa ndi anthu ovala masuti opanda zikwama. Anabweretsa makina odula okha, natipatsa ife akale kalata ndi wotchi ya pakhoma. Zaka makumi atatu ndi chimodzi, wotchi ya pakhoma. Zotsala zija anayamba kuzigulitsa pa sikelo kwa opanga mathireyi a mazira. Nditapita kukapempha mtolo umodzi, mlonda amene ine ndinamulembera kalata yofunsira ntchito anandiuza kuti ndidikire panja.

Apa ndi pamene mlongo wanga anayamba kuyenda. Ku holoselo ya mapepala anamuuza kuti sagulitsa zochepa, atenge phukusi lathunthu, limene mtengo wake unali ngati wa mbuzi zingapo. M'masitolo a zolembera munali timapaketi ta makhadi khumi, tokulungidwa bwino, koma akagula timeneto ndiye kuti ankagwirira ntchito mwini sitolo. Osindikiza makhadi a ukwati anamugulitsa zotsala zonyezimira, inki inakana kuuma, patatha sabata ziwiri inali ikumatabe zala. Anayesa kumbuyo kwa makalendala akale, manambala ankaonekera. Anayesa makatoni a mankhwala a ku famase, makhadi a wodwala n'kumanunkha chipatala. Ine ndinkayenda naye maulendo ena, kugwira pepala lililonse, kulipinda pang'ono pakati pa zala, kumuuza kuti ili inde, ili ayi. Ankapeza apa makumi atatu, apo makumi asanu, oyera mosiyana. Choikapo chija chinayamba kuoneka ngati m'kamwa mwa nkhalamba, apa dzino, apa mpata.

Mwana uja anali atakula, bambo wa ana awiri, wa mafoni awiri. Ife timamutchula Munthuwanga, chifukwa chilichonse mungatchule, kaya ndi tayala, kaya ndi dokotala wa mano, iye amayankha kuti ali ndi munthu wake. Ntchito yeniyeni sanagwirepo. Amagula apa n'kugulitsa apo, ndipo amalankhula mokweza ngati wayimirira pa galimoto.

Tsiku lina Lamlungu masana tinali tonse kwa mlongo wanga. Ndinkafotokoza chifukwa chake mapepala a masiku ano ndi achabechabe. Mwina ndinatalikitsa, sindikana. Munthuwanga anatsamira mpando nati, "Amalume amadziwa zonse za mapepala. N'chifukwa chake makina anawaopa, mpaka anawapempha kuti akapume kunyumba."

Mkazi wake anaseka. Ana anaseka osadziwa chimene akuseka. Zimenezo ndikanazimeza. Koma mlongo wanga nayenso anaseka, atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Ndinamaliza tiyi wanga, ndinatsanzika mwaulemu, ndipo pa sitepe ndinalumbira kuti pakamwa panga sipadzatulukanso liwu lokhudza mapepala m'nyumba imeneyo. Ndinkapitabe kukawaona. Tinkakamba za mawondo, za mvula, za mabasi. Kusekako ndinakusunga miyezi isanu ndi umodzi, ndipo sikunazilale.

M'miyezi imeneyo mkulu wa magalasi uja anadwala, sitolo inagwera m'manja mwa mwana wake wamkazi, amene anaphunzira za malonda. Sindimuda mtsikanayo monga ndimadera ena, koma ndimamuda ndithu. Anachotsa mabuku theka, naika makapu ndi zidole. Anaitana mlongo wanga n'kumuuza mosabisa kuti pali kampani ikufuna malo a pakhomo aja, ya makhadi oimba nyimbo ukawatsegula. Anati chifukwa cha ulemu wa bambo ake akumupatsa mwayi umodzi: abweretse makhadi mazana atatu ofanana, oyera mofanana, a mitundu itatu, mwezi usanathe. Akabweretsa, malo ndi ake chaka china. Akalephera, choikapo chichoke.

Mlongo wanga anamuonetsa chojambula pa pepala: nkhunda ziwiri pa waya wa magetsi, kumbuyo khoma lachikasu ndi denga lofiira. Khomalo ndi wayayo zinkayambira kutsogolo kwa khadi n'kudutsa pamsana mpaka kumbuyo. Mtsikanayo anati chimenecho ndicho akufuna, chifukwa makina a kampani ija sachita zotero. Mlongo wanga anali atatsala ndi chidutswa chimodzi chachikulu cha layino wa mwamuna wake, chimene anachisunga zaka zonsezo pansi pa matiresi. Chimene analibe ndi makhadi mazana atatu.

Munthuwanga anati ali ndi munthu wake.

Ndinalipo tsiku limene anawabweretsa. Analowa ndi katoni paphewa, thukuta lili kamukamu, naiika pa tebulo ngati wapha njovu. Anati munthu wakeyo wamudulira pa mtengo wa chibale, theka la mtengo wa ku holoselo, mazana atatu ndendende. Mlongo wanga anatsegula katoniyo. Anali oyera ngati mkaka, okhuthala, ofanana onse. Ndinaona nkhope yake. M'zaka zonse za mwanayo, aka kanali koyamba kubweretsa kanthu m'nyumba ya mayi ake m'malo motulutsa.

Ndinatola limodzi, poti manja a munthu salumbira nawo. Ndinalikhotetsa pang'ono uku, ndinalikhotetsa uko. Sindinafunikire kulipinda. Wodulayo anatembenuza pepala lalikulu kuti atulutse makhadi asanu ndi anayi pamene pamayenera kutuluka asanu ndi atatu, ndipo onse anali opingasa msempha. Kutchipa kwake kunali kumeneko. Pamwamba pa apo pepalalo linali louma, la mtundu uja wokhala zaka m'nyumba yosungiramo katundu.

"Bwanji amalume, mwalipeza ndi mlandu wanji?" anatero Munthuwanga, akutsinzinira mayi ake. "Tiuzenitu, a pulofesa."

Mlongo wanga anandiyang'ana. Ndinabweza khadilo m'katoni, ndinalisalaza bwinobwino, ndinati mabasi a masiku ano akuchedwa kwambiri.

Ndinadziuza kuti palibe choopsa, lamulo lija analidziwa, apinda limodzi ife tikachoka. Sanapinde. Anandiuza pambuyo pake kuti anali mazana atatu ndendende, opanda lapadera lotaya. Anatinso ine ndinali nditaligwira osanena kanthu, ndipo kwa zaka makumi awiri ndikagwira pepala osanena kanthu ndiye kuti linali labwino. Chachitatu sananene, koma ndikuchidziwa: sanafune kupeza cholakwa pa mphatso yoyamba ya mwana wake.

Anadinda chikasu masiku atatu. Zingwe zisanu sizinakwane, anamanga zina mpaka kukhitchini. Ndinapita kukamuona makhadi akuuma, ndinapeza chipinda chonse chili chikasu chokhachokha ngati munda wa mpendadzuwa, iye atakulunga dzanja lamanja ndi nsalu yonyowa chifukwa cha supuni. Chidutswa cha layino chinali chisanagobedwe kachiwiri. Tsiku limenelo ndikanayankhula, akanataya inki ndi masiku atatu okha. Ndinayang'ana pamsana pa makhadiwo, pamene chikasu chinadutsa, ndipo ndinafunsa ngati mwini nyumba wakonza mpopi.

Musandifunse chifukwa chake. Ndinkadikira kuti andifunse. Ndinkafuna anene kuti achimwene, tsiku lija ndinalakwa kuseka, taonani mapepalawa. Mawu ochepa chabe. Amati mawu a akulu amakoma akagonera. Anga anagonera m'kamwa mwanga mpaka anasasa.

Anagoba kachiwiri, nadinda denga. Anagoba kachitatu, nadinda nkhunda ndi waya. Ndaona zosindikizidwa zambiri pa moyo wanga, za makina a mtengo wa nyumba, koma nkhunda zimenezo zinali zina. Imodzi inapendeketsa mutu ngati ikumvetsera miseche. Pa layino panatsala timizere towerengeka, china chonse chinali m'chitini cha zinyalala.

Kutatsala masiku awiri kuti mwezi uja uthe, m'mawa, anatuma uthenga kuti ndipite. Ndinamupeza atakhala pa mpando, manja ali pamiyendo. Pa tebulo panali makhadi okwana khumi, opindidwa. Lililonse linali ndi mng'alu woyera pamsana, waubweya, wodula khoma lachikasu ndi waya kuchokera pamwamba mpaka pansi. Anali atayesa zonse: kulemba mzere ndi msana wa mpeni asanapinde, kunyowetsa pang'ono, kupinda pang'onopang'ono pa m'mphepete mwa tebulo. Limene ananyowetsa linatupa. Limene analemba ndi mpeni linagawika pawiri.

Sanalire. Anandipatsa limodzi losapinda, nati ndiligwire monga ndinagwirira tsiku lija. Ndinaligwira.

"Achimwene, munaona?"

"Ndinaona."

"Tsiku lomwe lija la katoni?"

"Lomwe lija."

"Ndi tsiku la chikasu munabweranso."

Ndinayamba kunena za Lamlungu lija, za makina ondiopa, za mapewa ake akugwedezeka. Ndinali nditakonza mawu amenewo miyezi isanu ndi umodzi ndipo anali osanjidwa bwino. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati sakukumbuka n'komwe kuti anaseka, koma ngati anaseka apepesa. Anapepesa monga munthu amapepesera akakuponda m'basi. Atatero anadzuka nayamba kuchotsa makhadi otsala pa zingwe.

Munthuwanga atabwera anakalipa kuti munthu wakeyo ndi mbava, amuonetsa, amudziwa bwino. Anaimba foni kawiri, sinayankhidwe, nkhani inathera pomwepo. Kenako anatembenukira kwa ine nati ngati ndinkadziwa n'kukhala chete ndiye kuti ndine mfiti. Ndinamuyankha kuti mfiti imadziwako kanthu, kusiyana ndi munthu wogula chinthu chimene sachidziwa kwa munthu amene samudziwa. Mayi ake anatiuza tonse awiri kuti tikakanganire panja, tikugwetsa makhadi.

Ndinachita zimene ndikanatha. Ndinapita nawo kunyumba, ndinawadula onse pamsana ndi mpeni motsata lula yachitsulo, kuti kutsogolo kokha kukhale ngati chithunzi chotumiza mu envulopu. Anatuluka bwino, m'mphepete mosalala. Tinawanyamula ine ndi mlongo wanga kupita ku sitolo, ine nditavala jekete. Mtsikana uja anawayang'ana nthawi yaitali. Anati ndi okongola kwambiri, ndipo ndikukhulupirira kuti ankanena zoona. Koma anati anthu amafuna khadi lotsegula, lolembamo m'kati, ndipo waya wodutsa kumbuyo uja, umene anagwirizana, palibe. Ndinamufotokozera za msempha wa pepala, kuti cholakwa si cha mlongo wanga. Ndinapempha milungu itatu. Anafunsa mlongo wanga ngati angathe kudindanso chithunzi chomwecho. Mlongo wanga anati ayi, chithunzicho kulibenso, ndipo layino wa kukula kotero alibe.

Mtsikanayo anatenga makumi awiri kuti awaike pafupi ndi makapu. Choikapo cha waya anatipatsa kuti tipite nacho, poti kampani ija ibwera ndi chake cha magetsi. Ndinachinyamula ine mumsewu wonse, chikuzungulira paphewa, chikukola anthu malaya.

Lendi ya chipinda chija sinadikire. Patatha miyezi iwiri mlongo wanga anasamukira kwa Munthuwanga, m'kachipinda kogona ndi adzukulu, kumene mpongozi wake anati fungo la inki limadwalitsa ana chifuwa. Ndinamuuza kuti abwere kwanga, tebulo lilipo, windo lilipo. Ndinayenda m'malo ogwetsa nyumba zakale mpaka ndinapeza layino wosendedwa mu ofesi ina, wokwana zithunzi khumi. Ndinamupititsira pa kampando kake kaja. Anamugwira, anamukanda ndi chikhadabo, anati ndi wabwino. Kenako anati dzanja lake latopa, ndimusungire.

Munthuwanga amauza anthu kuti anapumitsa mayi ake ku ntchito yakalavulagaga nawalemba pa bizinesi yake. Amanena zimenezi pamaso panga. Mtsikana wa sitolo amandipatsa moni mwaulemu tikakumana. Wodula mapepala uja ndinamufufuza, ndinamupeza, ali ndi kashopu kuseri kwa malo okwerera mabasi, ndipo akudulabe mopingasa. Ndinaima pakhomo pake ndi kumuuza zonse zimene ndimaganiza za iye ndi amene anamuphunzitsa ntchito. Anandifunsa ngati ndikufuna kudulitsa kanthu.

Onsewa ndili nawo chifukwa, ndipo sindidzawakhululukira. Mlongo wanga yekha ndiye sasunga kanthu, kapena amasunga mwa njira imene ine sindiidziwa. Ndikapita Lachitatu amandisunthira katoni kuti ndikhalepo, amandifunsa za mawondo. Wogula akabwera amamufunsa mtundu wa foni, nasanthula m'thumba lalikulu la makava, napereka. Dzulo ndinakhala naye maola awiri. Anagulitsa atatu, limodzi wogula anabweza poti silinakwane.